A Fanwell Chimbalanga ndi Bango la pa Migwalangwa

Amene agona m'bokosi patsogolo pathupa ndi malemu a Fanwell Chimbalanga, a m'mudzi mwathu muno mwa Chikundo, kufupi ndi Nkope, m'boma la Mangochi. Anabadwa m'chaka cha 1947, ndipo atisiya chaka chino cha 1987. Mbiri yawoyi ayifotokoza ndi agogo awo owalera, a Mwanabibi, amene malemu ankawaitana kuti anganga. Iwowo sukulu sanaipondeko, n'chifukwa chake wolemba ndi wowerenga ndi Celestina, mlongo wawo wa malemu, ndipo wauzidwa kuti asachotsepo liwu ngakhale limodzi. Anganga akhala apo pa mphasa. Mano anatha, koma maso ndi makutu zilipo.

Choyamba, anganga akuti amayi mugwire ana anu pamkono. Madzi ali pafupi, ndipo ng'ona siidziwa kuti pano pali maliro. Abambo amene mwaima m'udzu uko muziyang'ana pansi. Chachiwiri, akuti akumva kunong'ona kumene kwayamba chichokere kunyumba, anthu kufunsana kuti bwanji bokosi silinakhotere ku manda a mudzi, kumene kunagona mayi awo ndi agogo awo aamuna, koma labwera kuno ku chitunda cha migwalangwa, m'mphepete mwa bango, kumalo a udzudzu. Funso limenelo n'labwino. Anganga nawonso analifunsa mpaka mawu kusasa. Yankho lake ndi bango mukulionalo. Alipo amene akufuna kulizula kuti azikokerapo khoka, malemu ankakana, ndipo mlanduwo sunathe. Tsono mverani kuyambira pachiyambi, musathamangire kuweruza.

Malemu anali mwana woyamba wa mayi Subira, mwana wamkazi wa a Mwanabibi. Bambo awo anapita ku migodi ku Joni mayiwo ali ndi pakati pa Celestina, n'kutchona komweko. Mayi Subira anamwalira pochira, ana awiriwa n'kutsala m'manja mwa anganga. A Mwanabibi kwawo ndi ku Makanjira, tsidya lija. Nyanjayi anaioloka kamodzi kokha, pa chombo cha matanga, pobwera ku ukwati, mwera n'kuwapeza pakatikati. Atatsika analumbira kuti phazi lawo silidzapondanso m'bwato, ndipo lumbirolo alisunga mpaka lero. Madzi amatunga pachitsime. Mdzukulu wawo anamulera ndi malamulo oyenera: usapite kunyanja, usadutse ku bango, usadye kwa eni, usayankhe mlendo akakufunsa za mudzi. Pa malamulo onsewa malemu anasunga limodzi lokha, la kusadya kwa eni, nalonso ankalisunga anganga akakhala pafupi.

Kuba kapena ndewu analibe, zimenezo tisawanamizire. Chotopetsa chinali mafunso. Mwana wina ukamutuma madzi amabwera ndi madzi. A Fanwell ukawatuma unkawapeza atagwada panjira, ndowa ili pambali, akuyang'ana mzere wa nyerere, n'kukufunsa kuti wazituma ndani, popeza palibe imene ikuoneka kuti ikulamula inzake. Tsiku lina agogo awo aamuna, amene anali msodzi, atayanika ukonde, anafunsidwa kuti pa mfundo zonsezi imene imagwira nsomba ndi iti. Iwo anati zonse. Mwanayo sanakhutire. Anatenga mpeni n'kudulapo imodzi yokha kuti aone, ndipo ukondewo utapita m'madzi unabwerera ndi chibowo choti mbuzi n'kudutsa. Anakwapulidwa, koma akulira choncho ankafunsabe kuti zatheka bwanji mfundo imodzi kumasula zinzake zonsezo. Anganga anadziwiratu tsiku limenelo kuti mwana uyu sadzawagoneka tulo.

Sukulu anayambira pa mishoni ya Nkope, n'kupita ku sekondale ya Malosa kumene anafika fomu 2. Kenako anakaphunzira za usodzi ku Mpwepwe, ndipo mu 1969 analembedwa ntchito ya ulangizi wa asodzi m'madoko a kuno. Anganga anakondwa, poganiza kuti munthu wa ntchito ya boma amakhala pa mpando, nsapato zili kuphazi. Sanadziwe kuti ntchitoyo ndi ya m'madzi momwemo.

Mu 1971 anamanga ukwati woyera ndi mayi Annie a ku Malindi, m'tchalitchi cha Angilikani. Mkwatibwi anachenjezedwa, asadzanene kuti sanauzidwe. Anganga anamukokera pambali n'kumuuza kuti, "Mkazi mnzanga, mwamuna ndikukupatsayu ukamufunsa ngati mvula igwe lero, akuyankha za mbalame." Mayi Annie anaseka, ndipo apirira zaka zonsezi osakadandaula kwa ankhoswe ngakhale kamodzi. Mulungu awaone. Mwana wawo woyamba anabadwa osalira. Monga mwa mwambo, amayi okhaokha anakamuika m'mphepete mwa dambo lino, ndipo anganga ndiwo anatsogolera. Zimenezi muzisunge, tibwererakonso.

Tsopano nkhani ya mvuu. Achikulire mukukumbukira kuti dambo lino linali ndi mvuu zake. Zinkatuluka m'bangomu kukadya mpunga ndi chimanga, munda wathunthu kutha ngati wapsa. Mu 1973 anthu anatopa. Anapita kwa a Fanwell n'kuwauza kuti, "Inu mumadziwa makomo a ku boma, tithandizeni." Malemu anayenda uku ndi uku mpaka kunabwera mlenje ndi mfuti yaikulu. Mvuu zinagwa, zotsala zinathawa osabwereranso. Nyama inadyedwa mudzi wonse, mafuta mpaka m'zigongono, ndipo a Fanwell ananyamulidwa m'mwamba anthu akuimba. Chaka chimenecho mpunga unakololedwa wambiri. Palibe amene analakwa. Munthu aliyense wanzeru akanachita chimodzimodzi.

Koma walira mvula walira matope. Patapita zaka ziwiri zitatu, ana a m'mudzi muno anayamba kukodza magazi, osati mmodzimmodzi monga kale, koma nyumba iliyonse. Udzudzu unachuluka. Chambo, chimene kale chinkagwidwa pafupi pompa, chinayamba kusowa. Anthu anachita zimene anthu amachita, kufunafuna munthu. Chala chinaloza Che Sulemani, mwini khoka wa kumpoto kwa mudzi, amene akhala apo ndi chipewa choyera. Kunamveka kuti ali ndi mankhwala oitanira nsomba zonse ku khoka lawo, ndipo magazi a ana ndiwo chizimba chake. Anganga ataimva nkhaniyo anaona kuti ikumveka, chifukwa monga iwo amadziwira, tsoka siliyenda lokha, limachita kutumidwa.

Tsiku la bwalo a Fanwell anaimirira osapemphedwa. Anati, "Mfiti mukuifunayo palibe. Tinaombera mvuu, chipolopolo chakatera m'chikhodzodzo cha ana athu." Anthu anaseka, iwo anapitiriza. Anati mvuu poyenda zinkapondaponda bango n'kutsegula ngalande, madzi a m'nyanja n'kumalowa ndi kutuluka. Mvuu zitachoka ngalande zinatsekeka, madzi anaima, nkhono za likodzo zinaswana m'madzi oimawo, ndipo ana amasamba momwemo. Ngalande zomwezonso ndimo mmene tiana ta chambo tinkabisala kuti tikule. Wina anafuula kuchokera kumbuyo kuti, "Ndiye mfiti ndinu, munaitana mlenje ndinu!" Iwo anati ayi, ngakhale zimenezo si zonse. Nyanja inakwera zaka zimenezo, maukonde a nayiloni a maso ang'onoang'ono anafika, asodzi anachuluka kuchokera kumtunda. Chilichonse pachokha sichikanatha nsomba, koma china chinakoka chinzake, chinzakecho n'kukoka china, chimenecho n'kubwereranso kudzakoka choyamba chija. "Zimakokana," anatero. Che Sulemani anapulumuka, koma anthu anabwerera kwawo okwiya, chifukwa mlandu wopanda mwini suziziritsa mtima. Kuchokera tsiku limenelo padoko ankawatchula kuti Che Zimakokana.

Pakhomo napo mtendere unathera pomwepo. Anganga akati atchere ng'azi imene ikutha mazira a nkhuku zawo, ankauzidwa kuti ng'azi yomweyo ndiyo imafukula mazira a ng'ona, tsono asankhe okha, mazira a nkhuku kapena mwendo wa mdzukulu. Akati atenthe udzu kuseri kwa nyumba kuti njoka zithawe, ankauzidwa za dothi limene lidzatsikire m'nyanja mvula yoyamba ikadzagwa. Tsiku lina anganga anapsa mtima n'kuuza mdzukulu wawoyo kuti, "Amuna anga, ine ndayankhula za nkhuku, za ng'ona sindinayankhule." Malemu anayankha kuti, "Akazi anga, nkhuku ndi ng'ona n'zapachibale, kungoti sizidziwana." Munthu wotere ungatani naye?

Chopweteka kwambiri n'chakuti ukawafunsa mosapita m'mbali kuti nanga chaka chamawa zikhala bwanji, sankadziwa. Chaka china anayesera, anauza asodzi kuti kampango watha, asayembekezere kanthu. Chaka chomwecho kampango anaphedwa mpaka kuwolera pamchenga. Doko lonse linawaseka, iwo n'kumaseka nawo, ati aphunzirapo: chinthu cha zingwe zambirimbiri chotere palibe angachilosere, ndipo amene akuti akudziwa za mawa za nyanja ndi wabodza, ngakhale atakhala iwo amene. Anganga anafunsa kuti nanga mbuzi zawo zonse zimene anagulitsa polipira fizi zinapitiranji ku Malosa, ngati chimene munthu wakaphunzirako ndi kunena kuti sindikudziwa. Mawu amenewo anganga amawanena bwinobwino osapondako m'kalasi.

Pali nkhani ina imene anganga sakanafuna kuti inenedwe, koma ikasiyidwa ena aikometsera okha. Mu 1979, pa msonkhano wa asodzi padoko, malemu anafotokoza za usipa. Anati khamu la usipa likamathawa mcheni limakhota lonse nthawi imodzi ngati nsalu yapachingwe ikamauluzika, koma palibe kausipa kamene kali patsogolo kolamula tinzake. Kalikonse kamangoyang'ana kanzake ka pambali, basi, dongosolo n'kubadwa lokha. Amene muli ndi makutu aatali mumve bwino, ndipo mukanene bwino komwe mumakanenako: malemu ankanena za usipa. Usipa wa m'madzi, wa ndiwo. Khadi la chipani anali nalo chaka ndi chaka, anganga ankalisokerera okha m'thumba la malaya kuti lisagwere m'nyanja. Misonkhano yonse ankapita, m'manja ankaomba. Koma ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kunabwera anthu ena ndi galimoto. Malemu anachoka chimanga chili m'mawondo, anabwerera anthu atakolola, atawonda, mano awiri palibe, ntchito itatha. Kumene malemu anali, anganga sakudziwa, sanafunse, ndipo inunso musafunse. Achinyamata, phunziranipo. Nsomba muzidya, musamaifotokoze.

Ku mpingo malemu anali mkhristu wokhulupirika wa Angilikani, wolandira mgonero, ndipo anatsogolera kwaya zaka zambiri. Anganga ankayembekeza kuti m'nyumba ya Mulungu mwina pakamwa papumulako. Ayi ndithu. Pophunzitsa ankaimitsa nyimbo pakati, n'kuuza a besi kuti aimbe okha, kenako amayi okha, n'kufunsa kuti nyimbo ija yapita kuti, popeza mwa awa mulibe, mwa awonso mulibe, koma akaimba pamodzi ilipo. Dzuwa linkapendeka, ana kunyumba akudikira. A kwaya, mwaimba bwino lero. Anganga akuti pepani chifukwa cha masiku onse amene munachedwa kukaphika.

Ntchito itatha, malemu ankadyetsa banja lawo posoka maukonde ndi kuwamba nsomba. Munthu wina akanakhala pansi n'kuthokoza kuti wabwerera wamoyo. Iwo ayi. Anatenga chikwanje ndi khasu n'kulowa m'bango muno, madzi m'chiuno, kukatsegulanso ngalande zakale za mvuu. Ati popeza mvuu anazithamangitsa ndi iwo, ntchito ya mvuu yatsalira iwo. Taganizani, munthu wa ku Malosa, wodziwa Chingelezi, kusanduka mvuu! Chilimwe ankatsegula, dzinja bango n'kutseka, iwo n'kuyambiranso. Anganga ankaima pa chitunda pomwe pano, osasendera, n'kumakuwa za ng'ona, za misundu, za likodzo, kuti mudzafera momwemo inu. Iwo ankangokweza chikwanje m'mwamba kusonyeza kuti amva. Wofuna bango la mphasa kapena la mpanda sankamuletsa, bola adule chigawo chimodzi n'kusiya china, osazula mizu, osatentha. Likodzo linawagwira, anamwa mankhwala, anabwerera m'madzi, linawagwiranso. Kangati, anganga analeka kuwerenga.

Patapita zaka madzi anayambanso kuyenda m'ngalandemo, ndipo tiana ta chambo tinaonekanso, madzi kuda bii. Chaka chatha kunafikanso mvuu imodzi, inayendayenda, inadya maungu a anganga munda wonse n'kupita. Anganga analira, malemu anavina pabwalo. Anganga anati basi, mwapambana, tulukani m'madzimo tsopano. Koma onani mmene zinthu zimakokerana, monga mwa mawu awo omwe. Kunja ku nyanja makoka ankatuluka ndi ndere zokhazokha, ndipo asodzi ataona nsomba zili piringupiringu m'bango anati chakudya chili apa, chatchinga ndi bango. Likazulidwa, khoka likhoza kuzungulira dambo lonse n'kukokeredwa pa chitunda chino, chifukwa malo olimba oti okoka aimepo ndi ano okha, kwina konseko ndi matope ofika m'chifuwa. Ntchito ya manja a malemu ndiyo inaitanira bango zikwanje.

Wotsogolera maganizo amenewa anali Che Sulemani omwe aja. Anganga akuti pasapezeke wowayang'ana ndi diso loipa. Ali ndi anyamata ambiri a pa khoka, aliyense ndi banja lake, ndipo njala siimva za mvuu. Anabwera pakhomo masanasana, mwaulemu, n'kukhala pakhonde.

"Che Fanwell, ndiuzeni ngati m'bale wanga. Tikalisiya bangoli, chambo chibwerera m'nyanja?"

"Sindikudziwa, Che Sulemani."

"Nanga tikalizula, chitha?"

"Mudya bwino chaka chimodzi, monga tinadyera mvuu. Za kutsogoloko sindikuzidziwa."

"Ndiye ana anga agone ndi njala chifukwa cha sindikudziwa wanuyo?"

"Chinthu chimene sukudziwa kuti chamangirira chiyani, sudula. Ine ndinadulapo kawiri, mfundo ya ukonde ndi mvuu. Zikwapu za ukonde zinapola."

Che Sulemani anapukusa mutu. "Walahi, pali Mulungu, munandichotsa m'kamwa mwa anthu tsiku lija, sindingakupondeni. Muli moyo, chikwanje changa sichilowa m'bango. Koma tsiku limene ndidzamve kuti mwatsogola, ndidzabwera kudzalira, ndikatero ndikanola."

"Ndiye muzindipempherera moyo wautali ku mzikiti."

"Ine ndizipempherera nsomba. Inu muli ndi kwaya yanu."

Anaseka onse awiri, anganga ali kuseri kwa nkhokwe akumvetsera, osaseka nawo, chifukwa imfa saisereula. Mlendoyo atachoka, anganga anauza malemu kuti alavule mawu amenewo. Sanalavule.

Matenda anakula chaka chomwe chino. Miyendo inatupa, kenako mimba. Anagonekedwa ku chipatala ku Mangochi kawiri, ndipo galimoto imene inawatenga maulendo onse awiri inali lole ya Che Sulemani. Madokotala anayesetsa, koma anati likodzo la zaka zambiri lawononga za m'kati. Anabwerera kunyumba, mayi Annie n'kumawatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala. Mphamvu zitayamba kutha anaitanitsa anganga n'kuwafunsa chinthu chimene mwamuna safunsa, kuti mwana wawo woyamba uja anamuika pati. Anganga anakana, anati zimenezo n'za amayi, mukufuna kutiitanira tsoka. Anaumirira mpaka anauzidwa kuti ndi m'munsi mwa chitunda cha migwalangwa. Anamwetulira ngati msodzi amene wamva chingwe chikugwedezeka. Anati, "Ndiye mukandiike pomwepo, chakumtunda kwake. Mwana wanga wakhala yekha nthawi yaitali."

Anganga si mwana. Anati, "Amuna anga, musandinamize ndi khanda. Mukufuna kuwatsekera Che Sulemani pokokera."

"Zonse ziwiri n'zoona, akazi anga. Pa manda sadula mtengo, sakokerapo khoka, ndipo nsomba yokokedwa pa mtumbira palibe angaidye. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bango likhale khoswe, ine ndikhala mkhate."

Anganga anakalipa tsiku lonse, wodwala ali chigonere. Anati mukagona nokha ndi udzudzu, nyanja ikadzakwera idzakutengani, malo anu alipo kale pafupi ndi mayi anu, anthu adzati banja lino lili ndi chobisa. Pomaliza anafunsa ngati akutsimikiza kuti zimenezi zithandiza. Malemu anati sakudziwa. Munthu kusiya manda a makolo ake chifukwa cha sindikudziwa! Amfumu ndi ansembe atamva kuti mwana wa malemu ali kale kuno, analola. Malemu anamwalira Lachiwiri lapitali m'mawa, akazi awo, mayi Annie, ali pambali pawo.

Che Sulemani atamva za malowa anangoti, "Wandibera mnzanga uja," n'kutumiza anyamata awo omwe kudzathandiza adzukulu okumba manda kulambula njira imene mwadutsayo. Zikomo, Che Sulemani. Koma anganga ali ndi makutu. Pa siwa amva ena, osati Che Sulemani, akunong'onezana kuti mtumbira umodzi si manda, mvula ikagwa kangapo usalala, mtanda udyedwa ndi chiswe, ndipo pofika pamenepo wokumbukira adzakhala ndani. Anenawo akudzidziwa, ndipo anganga akuwadziwa mpaka mayina a amayi awo. Chokwiyitsa n'chakuti sakunama. Munthu wa mafunso onse aja, apa pokha sanaganize mpaka pamapeto. Anaiwala zimene anaphunzira ndi chikwapu ali mwana, kuti mfundo imodzi siigwira nsomba.

Malemu asiya akazi awo, mayi Annie Chimbalanga. Asiya ana atatu: Gracious, amene ali ku sekondale, ndipo akuchenjezedwa kuti aziyankha zokhazo zimene wafunsidwa, Janeth, amene asapitenso kokachapa kunyanja yekha, ndi Bonface, chitsirizira, amene waonedwa kale atagwada panjira akuyang'ana nyerere, tsono amayi ake amuyang'anire. Asiya mlongo wawo mmodzi, Celestina, ndi alamu awo a Thomson pamodzi ndi ana awo. Asiya kwaya yawo, asiya mnzawo wokangana naye. Asiyanso agogo awo, a Mwanabibi, amene ndiwo ankayenera kutsogola, mdzukuluyu n'kuwaika, koma ngakhale pa zimenezi sanamvere.

Ndipo a Mwanabibi akuti izi zimveke pamaso pa amfumu, ansembe ndi mudzi wonse, kuti pasadzakhale wokana. Malo awo a ku manda a mudzi, pafupi ndi amuna awo ndi mwana wawo Subira, amene akhala akuwayembekezera zaka zonsezi, awasiya. Tsiku lawo likafika, ndipo silili kutali, mudzawanyamule, mudzawaike pano, kudzanja lamanja la mdzukulu wawo. Mitumbira iwiri ndi kakhanda kaja m'munsimo, amenewo ndi manda, ndipo wobwera ndi chikwanje adzayambe wadutsa pa iwo. Musaganize kuti akondwa nazo. Madzi amawaopa lero monga anawaopera tsiku lija la chombo, ng'ona amaziopa, udzudzu sagona nawo, ndipo ngati chambo chidzabwerere kapena ayi, iwonso sakudziwa. Akungopempha kuti dzenje lawo lidzakhale chakumtunda pang'ono, ndipo powabweretsa mudzadzere njira ya pamtunda, osati pa bwato.

Mawu otsiriza anganga akuti awerengedwe monga anatulukira m'kamwa mwawo. A Fanwell, amuna anga osamva inu, mwandikoka ndi ine ndemwe. Pumulani mu mtendere panopa mudakali nokha, chifukwa ndikafika tikambirana.